Mafotokozedwe a zida za agent wa AI: kodi tiwayeze ndi muyezo uti?

Chisale analemba:

Abale anga, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu pali ena amene anadutsa kale njira imeneyi.

Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo chaka chino eni sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe anandipatsa ntchito. Ankafuna kuti antchito awo azitha kufunsa agent wa AI, pulogalamu imene imamva mawu a munthu n'kugwira ntchito pogwiritsa ntchito zida zimene yapatsidwa, zinthu monga kuchuluka kwa matumba a shuga amene atsala mosungira katundu, kapena ngongole imene kasitomala ali nayo, komanso kuti agentyo azilemba ndalama zimene kasitomala wabweza. Ndinamanga seva ya MCP, njira ija imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti ma model, amene ali ngati ubongo wa agent, azitha kugwiritsa ntchito mapulogalamu ena, ndipo ndinaikamo zida 14. Kwa amene simunaigwiritsepo ntchito, chida chilichonse chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi schema ya JSON yosonyeza zimene chidacho chimalandira. Pulogalamu ya agent ikafunsa seva kudzera pa `tools/list`, zimene model imapatsidwa kuti iwerenge ndi zimenezi. Code imene ili kuseri siiona, database, nkhokwe ya zolemba za sitolo, siiona, ndipo zimene ine ndi eni sitolo tinagwirizana pakamwa siizidziwa.

Lachitatu lina mayi wa pa kauntala analemba kuti kasitomala wina wabweza K45,000 pa ngongole yake. Agent anasankha chida choyenera, `record_payment`, n'kuika 45000 pamalo a `amount`. Koma database ya sitoloyo imasunga ndalama m'matambala, monga mmene mapulogalamu ambiri a za ndalama amachitira popewa mavuto a ma decimal, choncho zimene zinalembedwa zinali K450. Kasitomala uja atabweranso Lachisanu anauzidwa kuti ngongole yake idakalipo pafupifupi yonse, ndipo panali mawu okweza pa kauntala mpaka pamene anatulutsa m'chikwama risiti ya pepala imene mwamwayi anali ataisunga. Nditabwerera kukaona zimene ndinalemba pa chidacho, ndinapeza mzere umodzi wokha wa Chingerezi wonena kuti chidachi chimalemba malipiro a kasitomala. Za matambala sindinatchule paliponse, chifukwa kwa ine zinali zodziwikiratu.

Vuto lachiwiri linali laling'ono koma lobwerezabwereza. Ndili ndi chida chotchedwa `search_orders`, chofufuzira katundu amene makasitomala aitanitsa, ndi china chotchedwa `search_invoices`, chofufuzira ma invoice amene sitolo yatulutsa kale. Munthu akafunsa kuti kasitomala wakutiwakuti ali ndi ngongole ya ndalama zingati, tsiku lina agent ankapita ku chida choyamba, tsiku lina ku chachiwiri, ndipo mayankho ankasiyana chifukwa si oda iliyonse imene imafika pokhala invoice.

Ndakhala pansi n'kulembanso mafotokozedwe a zida zonse, ndipo tsopano chida chilichonse chili ndi ndime yathunthu, ya `record_payment` ikuchenjezanso agent kuti achulukitse ndalama ndi 100. Mnzanga amene timathandizana ntchito akuti njira yabwino yodziwira ngati ndakonzadi ndi kulemba mndandanda wa mfundo, monga kumveka bwino kwa mawu, kukwanira kwake ndi kupezeka kwa zitsanzo, kenako kupempha model ina kuti iwerenge mafotokozedwewo n'kupereka malikisi pa 10. Tinayesa, ndipo akale aja anapeza 4 pamene atsopano anapeza 9. Komabe mtima wanga sukukhazikika, chifukwa ndalama zimene zikudutsa pa zida zimenezi ndi za anthu enieni, ndipo manyazi a Lachisanu lija sindikufuna kuwaonanso. Kodi malikisi amenewa ndingawakhulupirire? Ngati ayi, inu mumayeza bwanji kuti mudziwe kuti mafotokozedwe a chida akumuthandizadi agent?

NaBanda anayankha:

AChisale, zikomo pofotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane chonchi, ndipo pepani ndi zimene zinachitika pa kauntala. Mtima wanu sukunama. Malikisi amene model ina yapereka itangowerenga mafotokozedwe sangakuuzeni zimene agent adzachite pa ntchito, chifukwa woweruzayo ali mu mdima womwewo umene agent wanu analimo. Taganizani: mukanalemba ndime yokongola ya ziganizo zisanu, yofotokoza nthawi yogwiritsa ntchito chidacho ndi nthawi yochisiya, koma osatchula matambala, model yoweruza ija ikanakupatsani 9 yomweyo, popeza nayonso sidziwa kuti database yanu imasunga matambala. Imatha kuona kuti mawu achepa kapena ndi osokonekera, koma siingaone mfundo imene ikusowa ngati mfundoyo ili m'mutu mwanu mokha. Ndipo zolakwa zimene zimapweteka anthu kawirikawiri zimachokera ku mfundo zosowa zoterezi.

Chimene ine ndimachita ndi kutolera mauthenga enieni amene anthu akhala akutumiza kwa agent, osati amene ndapeka ndekha ndili pa desiki, chifukwa ife olemba mapulogalamu timafunsa mafunso olongosoka kwambiri kuposa munthu amene ali ndi mzere wa makasitomala patsogolo pake. Ndikapeza mauthenga pakati pa 30 ndi 50, ndimalemba pambali pa uliwonse zimene ziyenera kukhala zitachitika ntchito ikatha. Apa m'pamene ambiri timaphonya, chifukwa timayang'ana yankho limene agent walemba pa sikirini. Pa nkhani yanuyi, ndikukhulupirira kuti agent anayankha mwaulemu kuti malipiro alembedwa, mwinanso anatchula K45,000 yomweyo, pamene mu database munalowa K450. Choyenera kuyang'ana ndi database yoyeserera ntchito ikatha: kodi mzere woyenera wasintha, kodi wasintha ndi ndalama zoyenera, ndipo kodi palibe mzere wina umene wakhudzidwa mosayenera?

Njira imeneyi si yanga ayi. Ofufuza a kampani ya Sierra atatulutsa mayeso awo otchedwa τ-bench mu Juni 2024, anachita zomwezi: agent amapatsidwa zida ndi malamulo a kampani ya ndege kapena ya sitolo, amacheza ndi kasitomala wongoyerekezera, ndipo pomaliza database imayerekezedwa ndi mmene inayenera kukhalira. Anabweretsanso muyezo umene amautcha pass^k, kutanthauza mwayi woti agent akhoze ntchito imodzimodziyo maulendo onse k amene wayesedwa, osaphonya ngakhale kamodzi. Pa nthawiyo anapeza kuti GPT-4o, model ya kampani ya OpenAI, inkakhoza ntchito zosakwana theka, ndipo pa ntchito za sitolo pass^8 yake inali pansi pa 25 peresenti. Phunziro lake kwa inu lili pa vuto lanu lachiwiri lija, loti tsiku lina agent apita uku, tsiku lina uko. Mukayesa kamodzi kokha mukhoza kugwera tsiku labwino n'kuganiza kuti mwakonza. Masamu ake ndi osavuta: ngati agent amakhoza ntchito maulendo 90 pa 100, mwayi woti aikhoze maulendo asanu ndi atatu motsatizana ndi pafupifupi 43 pa 100 basi. Sitolo yopikulitsa imalemba malipiro oposa pamenepo tsiku lisanafike masana. Choncho ntchito iliyonse muiyese kasanu kapena kakhumi, ndipo muwerenge ntchito zimene zakhozedwa maulendo onse.

Musaiwalenso kuikamo mauthenga amene yankho lake loyenera ndi kusagwiritsa ntchito chida chilichonse. Gulu la ku yunivesite ya California ku Berkeley limene linayambitsa Berkeley Function Calling Leaderboard mu 2024 linaika gawo lapadera loyesa ngati model ikutha kuzindikira kuti palibe chida chogwirizana ndi funso limene yafunsidwa. Mafotokozedwe otakata kwambiri amakoka agent ngati nyambo. Munthu akalemba kuti kasitomala wakutiwakuti walonjeza kubweza K20,000 mawa, agent sayenera kukhudza `record_payment`, chifukwa lonjezo si malipiro. Ngati mafotokozedwe anu sanena momveka kuti chidachi ndi cha ndalama zimene zalandiridwa kale m'manja, tsiku lina mudzapeza malonjezo atalembedwa ngati ndalama. Chimodzimodzinso pamene mu database muli makasitomala awiri a dzina lofanana: agent ayenera kufunsa kuti ndi uti, pajatu safunsa adadya phula.

Mukayamba kusintha mawu, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuyesanso zonse, chifukwa kukonza mafotokozedwe a chida chimodzi kukhoza kusokoneza china choyandikana nacho. Ikaninso pambali mauthenga ena, mwina limodzi mwa magawo anayi, amene simuziwayang'ana pokonza, kuti pomaliza mudziwe ngati mwakonzadi mafotokozedwe kapena mwangowaumba kuti agwirizane ndi mafunso amene mwawaloweza. Ndipo tsiku limene mudzasinthe model, mudzayesenso kuyambira pachiyambi, popeza mawu amene model ina imawamva bwino, ina ikhoza kuwatanthauzira mosiyana.

Chomaliza, werengani ndi maso anu zonse zimene zinachitika pa ntchito zolephera, kuyambira uthenga wa munthu, chida chimene agent anasankha, zimene anaikamo, mpaka zimene chidacho chinabweza. Ndi ntchito yotopetsa, koma nambala imangokuuzani kuti pali vuto, pamene kuwerengako n'kumene kumakuonetsani liwu lenileni limene lasocheretsa agent.

Mbewe anayankha:

Ndikugwirizana ndi a NaBanda pa zambiri, koma ndikufuna kuikokera nkhaniyi mbali ina, chifukwa ndikuona kuti vuto la matambala si la mafotokozedwe kwenikweni. Ndi la mamangidwe a chida.

AChisale, mwalemba ndime yaitali yochenjeza agent kuti achulukitse ndalama ndi 100 asanaziike pa `amount`. Mwina adzamvera maulendo ambiri. Koma n'chifukwa chiyani mukumusenzetsa ntchito imene mzere umodzi wa code ungaichite mosaphonya tsiku lililonse? Sinthani dzina la parameter, malo aja oikapo ndalama, likhale `amount_kwacha`, lizilandira ndalama monga mmene munthu wazitchulira, ndipo kusandutsa makwacha kukhala matambala kuzichitika mkati mwa seva yanu. Mukatero simudzafunikanso kuyeza ngati chenjezo lanu likumveka, chifukwa dzenje limene mumachenjeza lidzakhala litakwiriridwa. A Anthropic anasimba nkhani yofanana ndi imeneyi mu Disembala 2024, pofotokoza mmene anakonzera agent wawo pa mayeso a SWE-bench, oyesa luso lokonza code. Ananena kuti nthawi imene anathera pokonza zida inaposa imene anathera pokonza prompt yonse, malangizo olembedwa amene model imapatsidwa. Anaona kuti model inkalakwitsa ma path a mafayilo aafupi aja, odalira foda imene uli, ikangochoka mu foda yoyambira. Anasintha chidacho kuti chizilandira path yathunthu yokha, ndipo vutolo linatha.

Vuto lanu lachiwiri ndi la mtundu womwewo. Funso limene anthu a m'sitolo amafunsa ndi la ngongole ya kasitomala, koma inu simunapereke chida choyankha funso limenelo. Munapereka zida ziwiri zofanana ndi matebulo a mu database yanu, n'kusiyira agent kuti aganize yekha koyambira ndi kuwonkhetsa. Ambiri timachita zimenezi chifukwa n'zosavuta kutenga API imene ilipo kale, khomo limene mapulogalamu ena amalowera, n'kuikutira mzere ndi mzere. Mangani chida chimodzi, mwina `get_customer_balance`, chimene chiziwonkhetsa chokha ndi kubweza nambala imodzi, ndipo m'mafotokozedwe a ziwiri zija mulembe chiganizo chimodzi chonena kuti mafunso a ngongole ali ndi chida chawo.

Palinso mawu ena amene timaiwala kuti nawonso ndi mafotokozedwe, ndiwo amene chida chimabweza. Chida chanu chikanabweza mawu akuti zalembedwa K450.00 ndipo ngongole yotsala ndi yakutiyakuti, m'malo mongobweza nambala ya mzere wa mu database, agent akanakhala ndi mwayi woona kuti nambalayo sikugwirizana ndi imene anauzidwa, ndipo mayi wa pa kauntala naye akanatha kuona. N'chimodzimodzinso ndi mauthenga a zolakwa. MCP imalola chida kubweza zotsatira zokhala ndi chizindikiro cha `isError`, ndipo model imawerenga mawu amene ali mmenemo. Uthenga wongoti 400, nambala chabe ya cholakwa, suthandiza aliyense, pamene wonena kuti deti lilembedwe ngati 2025-04-03, kuyamba ndi chaka, umamupatsa agent njira yodzikonzera yekha. Za madeti muzisamale ndithu, chifukwa kwathu kuno 03/04 ndi pa 3 Epulo pamene ku America ndi pa 4 Malichi, ndipo model yawerenga zolemba zambiri za kumeneko. Pamene zinthu zololedwa ndi zowerengeka, monga njira zolipirira, ikani `enum`, mndandanda wa zololedwazo, mu schema m'malo mozitchula mu ndime.

Pa nkhani ya kutalika kwa mawu, pali mbali ziwiri zoyenera kuziika pa sikelo. Malangizo a Anthropic amalimbikitsa kuti chida chilichonse chikhale ndi ziganizo zosachepera zitatu kapena zinayi, zonena chimene chidacho chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, tanthauzo la parameter iliyonse ndi malire ake. Komano mawu onsewa amatumizidwa ku model pa pempho lililonse ndipo amawerengedwa ngati ma token, tizidutswa ta mawu timene timalipiridwa. Zida 14 zikakhala ndi ma token 200 chilichonse, ndiye kuti ma token 2,800 apita munthu asananene kanthu, ndipo amene timalipira ma API m'madola tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza. A OpenAI, amene anayambitsa function calling, njira yawo yoitanira zida, mu Juni 2023, amalangiza kuti zida zimene model ikuona pa nthawi imodzi zisafike 20, chifukwa zikachuluka kusankha kumasokonekera. Choncho poyeza, muziwerenganso ma token ndi kuchuluka kwa maulendo amene agent waitana zida asanamalize ntchito. Mafotokozedwe amene amamufikitsa pa yankho ndi kuitana kumodzi ndi abwino kuposa amene amamuzunguliritsa kanayi, ngakhale onse atafika pa yankho loona.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a NaBanda ndi pa mndandanda wa mnzanu uja. Musautaye. Mayeso a ntchito 40 obwerezedwa kakhumi ndi ndalama ndithu, ndipo si nzeru kuwononga ndalamazo pa zolakwa zimene zikanagwidwa ndi maso. Parameter yopanda mafotokozedwe, nambala yopanda kutchula ngati ndi makwacha kapena makilogalamu, zida ziwiri zoyamba ndi chiganizo chofanana, zonsezi kascript kakang'ono kapena model yoweruza ikhoza kuzigwira m'mphindi zochepa. Chofunika n'kudziwa kuti kumeneko ndi kupeta chabe, kuphika kuli patsogolo. Ndipo musanafike pa mayeso, perekani mayina a zida ndi mafotokozedwe ake kwa munthu amene sanaionepo code yanu, mwina wophunzira amene wabwera kudzaphunzira ntchito, n'kumufunsa kuti akanalemba chiyani pa `amount` atauzidwa za K45,000. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mafunso amene iye adzakufunsani ndi omwewo amene agent sangathe kukufunsani.

Nkhoma anayankha:

Anzanga awiriwa anena zambiri, ine ndingowonjezera mfundo ziwiri zimene sizinatchulidwe.

Yoyamba ndi ya chilankhulo. AChisale, mwanena kuti mafotokozedwe anu ali m'Chingerezi, ndipo ndikuganiza kuti n'koyenera kuti akhale choncho, chifukwa ma model amamva Chingerezi bwino kwambiri kuposa Chichewa. Koma anthu a pa kauntala ku Limbe salemba Chingerezi chokhachokha. Adzalemba kuti kasitomala anabweza dzana, kapena kuti katundu afika mkuja, kapena kuti wapereka 45 pin, ndipo ena adzasakaniza zilankhulo ziwirizi mu chiganizo chimodzi. Liwu lakuti kubweza palokha lili ndi njira ziwiri m'sitolo: munthu akhoza kubweza ngongole, akhozanso kubweza katundu amene sanamukonde. Ngati muli ndi chida cha malipiro ndi china cha katundu wobwezedwa, liwu limodzi limeneli likhoza kumupititsa agent kolakwika. Palibe model yoweruza imene ingaone zimenezi powerenga ndime ya Chingerezi. Mauthenga a mayeso anu akhale m'chilankhulo chenicheni cha pa kauntala, ndi kalembedwe kake kofupikitsa, ndipo ngati mwaona kuti liwu lina likusocheretsa agent, palibe cholakwika kulitchula mwachindunji m'mafotokozedwe pamodzi ndi tanthauzo lake pa chidacho. Muonetsetsenso kuti agent akuuzidwa deti la lero, chifukwa popanda limenelo dzana ndi mkuja alibe poyambira.

Yachiwiri ndi ya chitetezo, ndipo ikukhudza makamaka zida zimene simunalembe nokha. Mafotokozedwe a chida amalowa m'zimene model ikuwerenga, ndipo model ikhoza kuwatenga ngati malangizo. Mu Epulo 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa chimene anachitcha tool poisoning: anapanga chida chooneka ngati chongowonkhetsa manambala awiri, koma m'mafotokozedwe ake anabisamo malangizo ouza model kuti iwerenge mafayilo achinsinsi a pa kompyuta, kuphatikizapo makiyi a SSH olowera m'makompyuta ena, n'kuwatumiza kudzera pa parameter ina. Wogwiritsa ntchito sankaona mawu onsewo chifukwa pulogalamu inkamuonetsa mwachidule. Anachenjezanso kuti seva ikhoza kusintha mafotokozedwe ake munthu atavomereza kale kuigwiritsa ntchito. Choncho pamene tikufunsa ngati mafotokozedwe akumuthandiza agent, tizifunsanso kuti akuthandiza ndani. Tsiku limene mudzalumikize seva ya munthu wina pambali pa yanu imene ikulemba ndalama, werengani mafotokozedwe ake onse monga mmene `tools/list` ikuwabwezera, sungani kope lake, ndipo pulogalamu yanu izikuchenjezani akasintha.

Kuyambira mu Malichi 2025, MCP ilinso ndi zizindikiro monga `readOnlyHint` ndi `destructiveHint`, zosonyeza ngati chida chimangowerenga kapena chikhoza kuwononga zimene zilipo. Ziikeni pa zida zanu moona mtima, koma dziwani kuti malamulo a MCP omwewo amanena kuti zizindikirozi zisakhulupiriridwe ngati zachokera ku seva yosadalirika. Pa chida chokhudza ndalama ngati `record_payment`, ine sindingadalire mawu okha ngakhale atakhoza mayeso onse. Ndingaike kabokosi koonetsa dzina la kasitomala ndi ndalama zake, kuti munthu wa pa kauntala adine kuvomereza zisanalembedwe.

Chisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndakhala chete masiku angapo chifukwa ndimafuna kubwera ndi zimene ndachita osati malonjezo.

Ndinapempha chilolezo kwa eni sitolo, n'kutenga mauthenga 36 m'ma log, nditachotsamo mayina a makasitomala, ndipo ndinamanga database yoyeserera. Mauthenga 9 ndinawaika pambali monga a NaBanda analangizira. Ndisanasinthe code iliyonse, ndinayesa mafotokozedwe anga aja amene anapeza malikisi 9, ntchito iliyonse kasanu. Pa malipiro, agent anachulukitsa ndi 100 bwinobwino pafupifupi nthawi zonse, koma ulendo umodzi, pa uthenga umene munthu analemba ndalama ziwiri za makasitomala awiri pamodzi, anachulukitsa yoyamba n'kuiwala yachiwiri. Ndikanayesa kamodzi kokha sindikanaona zimenezi. Nditatsatira malangizo a aMbewe n'kusintha kukhala `amount_kwacha`, ndime yonse yochenjeza ndinaichotsa, mafotokozedwe anafupika, ndipo cholakwacho sichinaonekenso pa maulendo onse amene ndinayesa. Ndinapereka mafotokozedwe afupiwo kwa model yoweruza ija kuti ndione, ndipo inawapatsa 7, n'kudandaula kuti achepa zitsanzo.

Chida cha `get_customer_balance` ndamanga, ndipo mafunso a ngongole tsopano akupita malo amodzi. Kabokosi kovomereza kamene aNkhoma anatchula ndaikanso, ngakhale kuti mayi wa pa kauntala akuti kakuwachedwetsa pa nthawi ya makasitomala ambiri, ndiye tikukambirana zoti kazituluka ndi batani limodzi lalikulu m'malo mwa awiri.

Pamene ndakanirira ndi pa liwu lija lakuti kubweza. Uthenga wina weniweni unali wakuti kasitomala wabweza za dzulo zija, popanda kutchula ndalama kapena katundu. Kasitomalayo dzulo lake anatenga makatoni a sopo pa ngongole. Maulendo atatu mwa asanu agent analemba kuti ngongole yalipidwa, ulendo umodzi analemba kuti sopo wabwezedwa, ndipo ulendo umodzi wokha anafunsa. Ndalemba m'mafotokozedwe a zida zonse ziwiri kuti liwuli lili ndi matanthauzo awiri, ndipo kufunsa kwawonjezeka, koma sikunafike pa maulendo onse. Kodi lamulo loti afunse liyenera kukhala m'mafotokozedwe a zida, kapena mu prompt yaikulu ya agent?

NaBanda anayankha:

AChisale, lamulo limene likukhudza zida ziwiri nthawi imodzi ine ndimaliika mu prompt yaikulu, chifukwa ndi la khalidwe la agent pa ntchito yonse, ndipo m'mafotokozedwe a chida chilichonse ndimasiyamo chiganizo chimodzi chonena chimene chiyenera kudziwika chidacho chisanaitanidwe. Koma musatenge mawu angawa ngati chigamulo, popeza tsopano muli ndi poyesera. Ikani lamulolo mu prompt mokha muyese, liikeni m'mafotokozedwe mokha muyese, kenako monse muwiri, ndipo pa uthenga umenewu muyese maulendo 20 osati asanu, chifukwa pa maulendo asanu kusiyana kwa atatu ndi anayi kukhoza kungokhala mwayi.

Muyang'anenso chinthu chimodzi m'zimene zinachitika pa maulendo atatu aja. Uthengawo sunatchule ndalama, ndiye agent anaitenga kuti nambala imene anaika pa `amount_kwacha`? Ngati anayamba wafufuza ngongole ya dzulo n'kuitenga yonse ngati malipiro, ndiye kuti mafotokozedwe a parameter imeneyo ayenera kunena kuti nambalayo ichokere m'mawu a munthu amene walandira ndalama, osati m'zotsatira za chida china. Onjezaninso mauthenga ena awiri kapena atatu amene liwu lakuti kubweza lili lomveka bwino, monga loti wabweza K10,000 kapena wabweza makatoni awiri, kuti muone ngati pofuna kumuphunzitsa kufunsa simunamupangitse kuti azifunsa ngakhale pamene palibe chokayikitsa. Mayi wa pa kauntala akudandaula kale za batani, ndipo agent akayamba kuwafunsa funso pa uthenga uliwonse adzabwerera ku kope ndi cholembera.